Padi Ikamatuka pa Bolodi la Kiyibodi

Aliyense amene wayendapo pa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu, kuchokera kumunsi kwa Kampepuza, kudzera pa Boma, kukwera mpaka pa Lizulu pamene msewuwo ndiwo malire a dziko lathu ndi Mozambique, adzavomereza kuti pamsika uliwonse, kuseri kwa milu ya mbatata ya kachewere ndi kabichi, sipalephera kupezeka kachipinda kapena kakhonde pamene mmisiri wakhala chowerama, utsi wopyapyala ukufuka pamaso pake, ndipo pathebulo pake pali mawailesi otsegula, mafoni okana kulowa moto, matochi, ndi timabokosi ta magetsi a dzuwa. Anthu ambiri amasiya katundu wawo pamenepo m'mawa, nakamtenga madzulo ali wamoyo, osafunsa kuti pachitika zotani. Komatu gawo lalikulu la ntchito ya amisiri amenewa ndi limodzi lokha, ndilo kupeza pamene njira ya magetsi yadukira ndi kuilumikizanso.

Pakati pa katundu amene amafika pathebulo lotere, pali wina amene akabwera sabwera ndi munthu mmodzi, koma ndi tcheyamani wa kwaya, msungichuma ndi woyimba wake, onse nkhope zili zakugwa: ndiye kiyibodi ya kutchalitchi, ya Yamaha kapena ya Casio, imene mpingo udasonkherana miyezi yambiri kuti uigule. Ilinso ndi mnzake wa dzina lomweli, kiyibodi yolembera pa kompyuta. Yotsika mtengo ikawonongeka anthu amangoitaya, popeza m'kati mwake muli timapepala ta pulasitiki tosatheka kuwotcherera. Koma pali mtundu wina umene batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, monga maswichi a Cherry MX amene adayamba kupangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'maiko ambiri muli anthu amene amagula bolodi lopanda kanthu, maswichi ndi madayodi, nadzipangira okha kiyibodi kunyumba. Kwathu kuno ochita zimenezi akadali owerengeka, ngakhale chifukwa chochitira tili nacho choposa anzathuwo, pakuti wodzipangira kiyibodi amalamula yekha chimene batani lililonse lilembe, ndipo akhoza kupatsa malo chilembo cha ŵ, chimene makiyibodi ogula m'sitolo sachidziwa. Kiyibodi yoyimbira ndi yolembera zimasiyana ntchito, koma m'kati mwake zidamangidwa ndi nzeru imodzi, ndipo nthenda imene tikambe m'nkhani ino imazigwira zonse ziwiri.

Mawailesi a makolo athu, a m'masiku a Saucepan Special imene idafika ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland mu 1949 kuti anthu azimvera wailesi ya ku Lusaka, adali a m'badwo umene zipangizo zambiri zinkalumikizidwa ndi mawaya, uyu apa uyu apo, aliyense wowotchereredwa ndi dzanja. Koma kale mu 1936, injiniya wina wa ku Austria wokhala ku England, dzina lake Paul Eisler, adali ataganiza kuti m'malo mwa mawaya n'kotheka kumata mkuwa wopyapyala pa thabwa losadutsa magetsi, kenaka n'kusungunula ndi mankhwala mkuwa wosafunika, kuti patsale timizere tokha tolumikiza chipangizo ndi chinzake. Nzeru imeneyi idayamba kugwira ntchito m'zida za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo pofika nthawi imene mawailesi a Supersonic a ku Bulawayo ndi a Nzeru a ku Blantyre ankalira m'midzi ya kwa Gomani, bolodi lotere lidali litalowa pafupifupi m'wailesi iliyonse.

Bolodi lotsika mtengo, lofiirira lija timaliona m'mawailesi, ndi la mapepala okanyidwa ndi utomoni wa m'fakitale. Lolimba, limene opanga amalitcha FR-4, ndi la ulusi wa galasi wolukidwa ndi kumizidwa mu utomoni wotchedwa epokisi. Pamwamba pake pali mkuwa, ndipo apa m'pofunika kuti owerenga asungepo nambala imodzi: kuchindikala kwa mkuwawo nthawi zambiri ndi mamaikoromita 35, ndiko kunena kuti mukasanjikiza timapepala take 28 kapena 29 m'pamene mungakwanitse milimita imodzi. Tsitsi la munthu limauposa kuchindikala. Pamwamba pa mkuwa adapakapo utoto, kawirikawiri wobiriwira, woteteza njirazo ku dzimbiri ndi ku mtovu wosochera. Koma pamalo pamene mwendo wa chipangizo uyenera kugwira adasiyapo kabwalo ka mkuwa kosapaka, ndipo kabwalo kameneka ndiko amisiri amakatcha padi. Padi ilibe msomali, ilibe bawuti. Chimene chaigwira pa bolodi ndi kumatirira kwa utomoni uja basi, ndipo utomoniwo, pa bolodi wamba la FR-4, umayamba kufewa kutentha kukafika pafupi madigiri 130 kapena 140.

Tsono taonani chovuta chake. Chowotcherera chimene amisiri amangochitcha mtovu, ngakhale kuti ndi chosakaniza cha magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu weniweni, chimayamba kusungunuka pa madigiri 183, ndipo chimatha kusungunuka chonse chapafupi ndi 190. Kuyambira pa 1 Julayi 2006 maiko a European Union adaletsa mtovu m'zipangizo zambiri za magetsi, kotero kuti katundu wochuluka wa masiku ano adawotchereredwa ndi chosakaniza cha tini, siliva ndi mkuwa, chimene sichisungunuka mpaka kutentha kufike pa 217. Kuti kutentha kumeneku kulowe msanga, nsonga ya ayironi yowotcherera imakhala pakati pa madigiri 300 ndi 350. Ndiye kuti nthawi iliyonse imene mmisiri wakhudza padi ndi ayironi, waifikitsa kutali kupitirira pamene utomoni woigwira umafewera, ndipo chimene chimaipulumutsa ndi kufupika kwa nthawi kokha: masekondi awiri kapena atatu, utomoni sunalekerere, ayironi yachoka, padi yazizira ndi kugwiranso. Akachedwetsa dzanja mpaka masekondi khumi, kapena akabwereza katatu kanayi pamalo pomwepo padi isanapume, ndiye kuti wayesa moto mopitirira. Paja akuluakulu adati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Zitsulo zimenezi, tinene modutsa, si zachilendo kwa ife monga momwe zimaonekera. Mkuwa ndi womwe uja amuna a kuno ankapitira ku migodi ya Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Tini ankakumbidwa ku Kamativi, pafupi ndi Hwange m'dziko la Zimbabwe, kumene Amalawi ena adagwirako ntchito mpaka mgodiwo udatsekedwa mu 1994. Ndipo za mtovu wa ku Kabwe tinena kutsogoloku.

Komabe kutentha pakokha sikumatula padi kawirikawiri. Chimene chimatsiriza ntchitoyo ndi kukoka. Munthu akufuna kuchotsa swichi imene waiika mopotoka, watenthetsa mwendo umodzi, mwendo winawo mtovu sunasungunuke bwino, mtima wamufupikira, walowetsa sikuludiraiva pansi nakanula. Swichi yatuluka ndithu, koma pa mwendo wake pakulendewera kamphete kofiira, ndipo pa bolodi patsala dzenje lotuwa. Pa kiyibodi yodzipangira imeneyi ndiyo ngozi yaikulu, ndipo inzake ndi ya timasoketi tija tololeza kusintha swichi popanda kuwotcherera, timene timakanganuka pamodzi ndi mapadi ake munthu akakankha swichi ya mwendo wopindika osachirikiza kuseri ndi chala. Pa kiyibodi ya kwaya, nthenda imakonda kuyambira polowera moto ndi polowera waya wa ku sipika, pakuti chida chimene chakwera kabaza ndi lole kunka ku maukwati, ku maliro ndi ku misonkhano ya makwaya, waya wake n'kumapondedwa ndi kukokedwa ndi ana, chimagwedeza soketi yake tsiku ndi tsiku mpaka mtovu ung'aluke, ndipo pambuyo pake padi itsatire. Palinso chinyontho cha m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri a Tsangano, mabatire oiwalidwa m'kati mpaka adonthe, ndi mphemvu zimene zimakonda kufunda kwa m'bokosi. Zonsezi zimadya mkuwa mwakachetechete mpaka ubiriwire ndi kuduka.

Mmisiri wanzeru sayamba wayatsa ayironi, amayamba wafunsa kuti ndi mabatani ati amene afa, chifukwa yankho lake limaloza pamene pali bala. Kuti timvetse zimenezi tiyenera kudziwa kuti batani lililonse lilibe waya wakewake wopita ku kachipangizo kowerenga. Kiyibodi yaing'ono ya mabatani 61 ikadafuna miyendo 61 ya kachipangizoko, chinthu chimene tizipangizo totsika mtengo, monga ATmega32U4 kamene odzipangira ambiri amagwiritsa ntchito, tilibe. M'malo mwake mabatani adawayala m'mizere yopingasa ndi yotsika, tinene 5 yopingasa ndi 14 yotsika, ndipo batani lililonse lakhala pamene mzere wopingasa ukumana ndi wotsika. Motero njira 19 zokha zikwanira malo 70. Kachipangizo kaja kamatumiza magetsi mu mzere umodzi, nikamvetsera kuti abwerera kudzera m'mizere iti, kenaka kapita ku mzere wotsatira, ndipo kamazungulira chotero kambirimbiri pa sekondi imodzi, mwakuti chala cha munthu, ngakhale chifulumire bwanji, sichingakapitirire.

Pafupi ndi swichi iliyonse pali dayodi, kachipangizo kakang'ono kolola magetsi kupita mbali imodzi yokha, kawirikawiri ya nambala 1N4148, ya galasi lofiirira ndi kamzere kakuda kumapeto kumodzi. Ntchito yake ndi iyi: popanda dayodi, munthu akadina mabatani atatu okhala pa ngodya zitatu za bokosi limodzi la mizere, magetsi amabwerera cham'mbuyo kudzera m'maswichi otsekedwawo, ndipo kachipangizo kamanamizika kuti lachinayi nalonso ladinidwa. Wolemba kalata sangadandaule kwambiri, koma woyimba amene amadina makiyi atatu kapena asanu nthawi imodzi akadamva liwu lachilendo likulowerera m'nyimbo ya Mulungu. N'chifukwa chake makiyibodi oyimbira nawonso ali ndi madayodi ambirimbiri, ndipo amene amamva kulemera kwa chala ali ndi pokhudzira pawiri pa kiyi iliyonse, kuti pa kusiyana kwa nthawi imene poyamba ndi pachiwiri pakhudza, makina adziwe ngati liwu lituluke mokweza kapena motsitsa.

Tsono batani limodzi lokha likafa, bala lili pa swichi yake, pa dayodi yake, kapena pa padi imodzi ya zimenezi. Mabatani angapo a mzere umodzi akafa pamodzi, ndiye kuti njira ya mzere wonsewo inkadutsa pa padi yowonongekayo, ndipo onse okhala kutsidya kwa balalo atsekeredwa kunja. Pa kiyibodi yoyimbira chizindikiro chake ndi makiyi ofa motalikirana mofanana, kapena gulu la makiyi oyandikana kufera limodzi. Koma kiyi imodzi yokha ikamakana pa kiyibodi ya kwaya, musafulumire kutsutsa bolodi, pakuti kawirikawiri ndi fumbi chabe limene lalowa pansi pa timphira tokhudzira, ndipo kansalu konyowa ndi spiriti kamachiza. Pa yolembera, yesani kukhudza miyendo iwiri ya swichi ndi kapanira kachitsulo kiyibodi ili yolumikizidwa ku kompyuta: chilembo chikatuluka, njira zili bwino ndipo yafa ndi swichi, chikapanda kutuluka, zimitsani moto, tengani mita yoyezera magetsi, muiike polira ikapeza njira yolumikizana, ndipo mutsate mkuwawo kuchokera pa mwendo wa swichi kufika pa dayodi, kuchokera pa dayodi kufika pa mnzake, mpaka mupeze pamene mita yaleka kulira. Ntchito imeneyi ingathe kudya ola lathunthu pamene kuwotcherera kwake ndi kwa mphindi imodzi, ndipo ndiyo imasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cholakwa cha ongoyamba kumene n'chakuti akaona dzenje lopanda mkuwa amathirapo mtovu wambiri, poganiza kuti chibulumwa chikakula chigwira. Sichingagwire, pakuti mtovu umamatirira ku chitsulo choyera chokha, ndipo pa galasi ndi utomoni umangokhala ngati mkanda wosamera mizu. Choipa n'chakuti pofuna kuukakamiza amatenthetsanso mapadi oyandikana nawo mpaka bala limodzi lisanduke atatu. Chofunika kumvetsa n'chakuti padi siili ndi mphamvu ina yapadera: ndi malo okumanirana chabe pakati pa mwendo wa chipangizo ndi njira ya mkuwa. Mlatho ukakokoloka pa Livulezi, msewu wa kutsidya lino ndi wa kutsidya lija umakhala ulipobe, ndipo apaulendo safunsa ngati powolokera patsopano pali pamalo penipeni pa mlatho wakale, bola awoloke. Magetsi nawonso safunsa. Funso la mmisiri likhale lakuti padi imeneyi inkalumikiza mwendo uwu ndi chiyani, ndipo akayankha molondola, theka la ntchito latha.

Padi ikangotukuka koma ikadali yolumikizana ndi njira yake, mwayi ulipo. Musaigwedeze, pakuti mkuwa wopyapyala chotere ukapindidwa kawiri katatu umathyoka. Ichotseni mtovu wakale mofatsa, muigoneke pamalo pake, pansi pake mupakepo kadontho ka epokisi wa machubu awiri, muipanikize ndi kuisiya mpaka iume ndithu, ngakhale kutero kutanthauze kudikira mawa. Guluu wa supa, amene ali paliponse m'magolosale, sayenera pano, chifukwa akakhudzana ndi ayironi amafuka utsi wolasa m'maso ndi m'mphuno, ndiponso amasiya kugwira. Ikauma, wotchererani mofulumira, kamodzi kokha.

Koma kawirikawiri padi imakhala itachokeratu. Pamenepo yambani mwaona ngati kumapeto kwa njira yodukayo kwatukuka. Ngati kwatero, dulani kachidutswa kotukukako ndi lezala, kuopa kuti kangakodwe ndi kumatula njira yonse. Kenaka, ndi nsonga ya lezala yomweyo, palani utoto wobiriwira pamwamba pa njirayo, utali wa mamilimita atatu kapena asanu, dzanja lili lopepuka, kufikira mkuwa uwale. Kumbukirani nambala ija ya 35, pakuti wopala mwaukali amapala utoto ndi njira yomwe. Pakanipo fulakisi, mankhwala oyeretsa chitsulo kuti mtovu ugwire, mukhudze ndi ayironi ya kamtovu pang'ono kunsonga, kuti mkuwa wofiirawo uvale siliva. Ngati mwendo wa chipangizo uli wautali, monga wa dayodi, upindeni ugone pa njira yopalidwayo ndi kuuwotcherera pomwepo. Ngati uli waufupi ndi wolimba, monga wa swichi, tengani kaulusi kamodzi ka mkuwa kuchokera m'chingwe chakale cha wailesi, mukazungulize pa mwendowo kamodzi kapena kawiri, mchira wake muugoneke motsata njira, muwotcherere ku njira poyamba, ku mwendo pambuyo, ndi kudula chotsala.

Pamene njira ili yopyapyala kwambiri, kapena yadyeka ndi dzimbiri, kapena yalowa pansi pa chipangizo china, nzeru yabwino ndi kuisiya ndi kuponya waya wolumpha, amene amisiri amati jampa, kuchokera pa mwendo wamasiyewo kukafika pamalo ena olimba a njira yomweyo. Apa ndipo kudziwa kayalidwe ka mizere kumathandiza, pakuti mwendo umodzi wa swichi umapita ku dayodi yake, pamene winawo umapita ku maswichi anzake a mzere womwewo. Ukafa wa ku dayodi, jampa ipite ku mwendo wa dayodi woyang'ana ku swichiyo, osati wa kutsidya, chifukwa mukalumpha dayodi batani lidzagwira ntchito ndithu, koma zilembo zonama zija zidzabwerera. Ukafa wa ku mzere, jampa ipite ku mwendo wofanana nawo wa swichi yoyandikana mu mzerewo. Ndipo ngati njira inkalowa pa padiyo mbali ina n'kutulukira mbali ina, majampa akhale awiri, wina kumtunda wina kumunsi, apo ayi mudzaukitsa batani limodzi n'kusiya abale ake ali m'manda. Waya wabwino wa ntchitoyi sasowa pathebulo la mmisiri: ndi uja wokutidwa ndi vanishi, wa m'thiransifoma kapena m'kamota ka wailesi yakufa, amene nsonga yake mukaimiza m'dontho la mtovu wotentha vanishiyo amapsa, nsonga yokhayo n'kuyera, kwina konse kuli kotetezeka.

Pali msampha wina pa mabolodi a mkuwa mbali zonse ziwiri, ndiwo ochuluka m'makiyibodi odzipangira. M'dzenje lililonse la bolodi lotere muli kachubu ka mkuwa kolumikiza padi ya pamwamba ndi ya pansi, ndipo swichi ikazulidwa mwankhanza, kachubuko kamatuluka nayo limodzi. Munthu angakonze bwinobwino mbali imene akuiona, mita n'kukhala chete, chifukwa njira yeniyeni idali kuseri, pansi pa thupi la swichi. Yang'anani mbali zonse ziwiri, bolodi mutaliyang'anitsa ku dzuwa kapena ku tochi. Za mabolodi a m'mafoni, amene ali ndi njira zina zokwiririka m'kati mosaoneka ndi maso, ndi nkhani ina yofuna maikulosikopu ndi mapu a bolodilo. Koma ngakhale kumeneko, jampa ya polowera moto imene anyamata a pa Boma amaponya tsiku ndi tsiku ndi nzeru yomweyi.

Magetsi akayamba kudutsa, ntchito sinathe, chifukwa padi inkasenza mitolo iwiri: kudutsitsa magetsi ndi kugwira mwendo kuti usagwedezeke. Kaulusi kaja kasenza woyamba wokha. Swichi yokhala m'chitsulo chake chapamwamba ili ndi pogwira kale, koma soketi ya moto ya kiyibodi ya kwaya, imene idzakokedwanso Lamulungu likudzali, iyenera kumangidwa ndi epokisi kuzungulira thupi lake, kapena kuchotsedwa pa bolodi ndi kumangiriridwa ku bokosi, n'kulumikizidwa ndi mawaya awiri ofewa, kuti wokoka azikoka bokosi osati mkuwa. Njira yachiwiriyi, m'kuona kwanga, ndiyo yoposa, ngakhale kuti siikongola. Pomaliza pukutani fulakisi wotsala ndi spiriti, muyese ndi mita kuti polumikizidwa pakulira ndipo pakati pa njira zoyandikana sipakulira, ndi kuphimba mkuwa wopalidwawo ndi kadontho ka utoto wa m'zikhadabo, kuti chinyontho chisaupeze.

Za zipangizo tinenepo pang'ono, popeza si mudzi uliwonse wa m'chigwa cha Bwanje umene uli ndi magetsi a ESCOM. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, m'buku lake la 2009 lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, amafotokoza kuti ali mnyamata ankakonza mawailesi ndi waya wolimba wotenthetsedwa pamoto wa kukhitchini, ndipo amisiri ambiri a m'midzi adayamba motero. Ulemu uwayenera, koma chitsulo cha pa mbaula chilibe muyeso, chimachoka pamoto chili chotentha kopitirira ndipo chimazizira chisanamalize, kotero kuti pa mapadi aang'ono a masiku ano chimawononga koposa kukonza. Ayironi ya mawati 25 kapena 40 ndi yokwanira, ndipo zilipo za mavoti 12 zoyendera batire ya magetsi a dzuwa. Chodabwitsa n'chakuti ayironi yozizira nayonso imamatula mapadi, chifukwa imakakamiza munthu kuchedwa ndi kudinikiza. Ndipo pochotsa chipangizo chowotchereredwa ndi chosakaniza chopanda mtovu chija, amisiri odziwa amayamba awonjezerapo mtovu wamba, kuti zonse zisungunuke pa kutentha kocheperako. Chenjezo lina ndi la fulakisi. Okhoma zidebe ndi makheni othirira dimba amagwiritsa ntchito asidi, amene amayeretsa lata bwino kwambiri, koma pa bolodi amapitiriza kudya mkuwa miyezi yambiri ntchito itatha. Fulakisi wa zamagetsi ndi wochokera ku utomoni wa mitengo ya paini, yonga ija ya m'nkhalango ya Dzonzi, ndipo waya wabwino wa mtovu amakhala nawo kale m'kati mwake.

Utsi umene umafuka powotcherera ndi wa utomoniwo, ndipo woupuma zaka zambiri m'kachipinda kotseka ungamudwalitse mphumu; choncho zenera likhale lotsegula, nkhope ipatuke. Mtovu weniweniwo sulowa kwambiri ndi utsi, umalowa ndi m'kamwa. Tauni ya Kabwe ku Zambia, imene kale inkatchedwa Broken Hill, idakumba ndi kuyenga mtovu zaka pafupifupi 90 mpaka mgodi udatsekedwa mu 1994, ndipo kufikira lero ana a m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo amapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi, umene umafooketsa ubongo wa mwana mosabwezeka. Ife amene timadya nsima ndi manja tiyenera kumva zimenezi koposa ena: mmisiri asagwire waya wa mtovu ndi mano pofuna dzanja lachitatu, asambe m'manja ndi sopo asanakhale pa mphasa, ndipo timibulu ta mtovu togwa pansi asese asanabwere mwana wokwawa. Ndiponso asakhudze bolodi chingwe chili ku khoma, ndipo pa mbali yolandira moto wa mavoti 230 akumbukire kuti makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa.

Chatsala ndi chimene ena amachita nacho manyazi, ndicho maonekedwe a jampa. Wodzipangira kiyibodi amene adalota bolodi losalala amamva chisoni poona kawaya kakudutsa kuseri kwake, ndipo ena amataya bolodi lathunthu chifukwa cha padi imodzi. Kumeneko n'kutaya ndalama pachabe, pakuti ngakhale mafakitale amatulutsa mabolodi okhala ndi majampa pamene apeza cholakwa atasindikiza kale, ndipo jampa yowotchereredwa bwino, yofupika ndi yomatidwa kuti isagwedere, imakhala zaka zofanana ndi njira imene yailowa m'malo. Chimene mmisiri ayenera kuchita n'kuuza eni ake chilungamo, makamaka ngati padi yamatukira m'manja mwake, kuwaonetsa pamene wakonza bokosi lisanatsekedwe, ndi kulemba m'kati mwa chivundikiro, ndi pensulo kapena cholembera chosafufutika, tsiku la ntchitoyo ndi kuti jampa yachoka pati kupita pati, kuti mnzake wa ku Lizulu kapena ku Balaka amene adzatsegule kiyibodiyo zaka zikudzazo asadzaidule poyesa kuti ndi waya wosochera.